Viza ya ku Ukwati wa Zubeda

Lolemba

Ndikupita ku Indiya! Ine ndemwe, telala wa pakhonde la msika wa Katete, amene ndege ndimangoiona ikulemba mzere kumwamba.

Zubeda akukwatiwa. Zubeda ndi mwana wa Amai Hawa, mnzanga wa sitolo ya nsalu, kumene ndakhala ndikugula ulusi ndi mazipi kuyambira ndili ndi mano onse. Yunifomu yake yoyamba ya sukulu ndinasoka ndine, iye akulira kuti tepi yoyezera imuluma. Tsopano wapeza mwamuna kwawo kwa makolo ku Indiya, ukwati uli komweko, ndipo banja lonse likunyamuka pakatha masabata awiri. Amai Hawa akuti: "Inu ndinu mai wake wachiwiri. Za kogona ndi chakudya musaganize n'komwe."

Yosefe, mwana wanga wa kumigodi ku Solwezi, pafoni: "Amai, inu pezani viza, tikiti ndi yanga." Akunena mwamphamvu, ngati munthu amene sanafunse mtengo wa tikiti. Koma wanena.

Viza masiku ano akuti sivuta. Palibe za ku Lusaka, palibe mzere, palibe kugona pasiteshoni. Umangolemba pa intaneti, kulipira, iyo n'kubwera yokha pafoni ngati uthenga wa maliro.

Ndalama ilipo. Mwezi uno chilimba, ndalama ija timasonkherana mosinthana, chagwera ine. Ndinati ndigule malata a khitchini, koma khitchini yadontha zaka zonsezi ndipo palibe anafapo.

Dongosolo la sabata:
- mawa, viza
- Lachitatu, diresi la paulendo
- Lachinayi, nsapato zatsopano
- masiku otsalawo, kupuma ndi kuphunzira kudya tsabola

A Daka, amuna anga, amva zonse akuswa nsawa. Funso lawo ndi limodzi: "Nanga nkhumba azidyetsa ndani?" Nkhumbazo ndi zawo, ndipo amazidyetsa okha tsiku lililonse. Kenaka akung'ung'udza m'Chinsenga cha kwawo ku Sinda, ngati kuti zaka zonsezi sindinachiphunzire.

Sindikuuza aliyense mpaka viza ifike. Ndangonong'oneza Amai Phiri a ku chigwirizano, chifukwa ndikufuna kubwereka sutikesi yawo.

Lachiwiri

Katete yense akudziwa.

Ndisanavundukule n'komwe makina, pakhonde panga pali mzere. Osati wa makasitomala, ayi. Wa otuma:
- Amai Phiri: nsalu ziwiri zonyezimira, "za ndalama tidzakambirana"
- akazi a abusa: mankhwala a maondo
- mnzanga wa tomato: tsabola weniweni, wa komweko
- alonda a pamsika: wotchi
- alamu anga: njinga yamoto. Njinga yamoto! Ndidzaibereka kumsana?

Onse ndikuwayankha kuti tiona. Kukoma kwake kunena "tiona" uli munthu wa paulendo!

Masana ndili kwa a Zulu. A Zulu ali ndi kashopu kuseri kwa siteshoni ya minibasi, ka fotokope ndi makompyuta awiri, imodzi yogwira ntchito. Munthu waulemu, wa tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Akuti za maviza kwa iwo n'kumwa madzi. Ndikufunsa kuti apangapo angati. Akuti wa ku Indiya ndikhala woyamba ine. Nanga a kwina? Akuyatsa kompyuta.

Choyamba chithunzi. Kumbuyo kuyenera kukhala koyera, koma khoma la a Zulu ndi lobiriwira. Ndikuthamangira nsalu yoyera ya malaya a sukulu, ndipo a Daka, amene anangobwera kudzaonerera, akuigwira kumbuyo kwanga manja ali m'mwamba ngati ogwidwa ndi apolisi.

Chithunzi choyamba ndaphethira. Chachiwiri zala za a Daka zatuluka pamutu panga ngati nyanga. Chachitatu ndikuseka chifukwa cha chachiwiri. Chotsatira chili bwino, koma kompyuta ikuti n'chachikulu kwambiri. A Zulu akuchichepetsa. Tsopano ikuti n'chaching'ono kwambiri. Chithunzi chilichonse chili ndi mtengo wake, ngakhale cha nyanga chija.

Ndikufunsa mtengo wa viza yeniyeniyo. A Zulu: "Zili m'madola, amai." Nanga m'makwacha? "Zimatengera kuti dola yadzuka bwanji." Kodi nayo ndalama imadzuka? Akuwerengera pafoni. Ikukwana ngati ya mayunifomu khumi. Si zoopsa. Chilimba chikwanira, chenji n'kugulira nsapato.

Tikungoyamba kulemba dzina langa, magetsi apita.

Zolipira lero: zithunzi, kujambulitsa pasipoti, bandulo ya intaneti, nthawi ya pakompyuta, kuphatikizapo imene inali yozima. Viza: palibe.

Koma pachithunzi chomaliza chija ndakongola, eti. Ndasindikizitsa china chachikulu cha pakhoma.

Lachitatu

Magetsi alipo, netiweki ilipo, a Zulu avala tayi ina. Tiyeni nazo!

Fomu iyi ikufunsa kuposa ankhoswe. Dzina langa, la atate, la amai, la amuna anga. Chipembedzo. Sukulu ndinalekera pati. Ngati ndili ndi chipsera choonekera. Ndikuwaonetsa a Zulu chala chimene makina anandisoka ndikadali wophunzira. Akuchiyang'ana bwinobwino, n'kulemba.

"Maiko amene mwapitako?" Malawi ndi Mozambiki. A Zulu akukweza zikope, akundiona ngati munthu woyenda. Sindikuwauza kuti kwathu ku Vubwi, kumene ndinabadwira, ku Malawi timapita kukagaitsa chimanga, ku Mozambiki kukafuna mbuzi yosochera. Palibe anatifunsapo chithunzi choyera kumbuyo.

Kenaka: atate anabadwira m'dziko liti? Apa ndaima. Ndikuimbira achemwali anga aakulu ku Vubwi.

Iwo: "Anabadwira kumunda, agogo akukolola mapira."

Munda uti? "Uja wa kutsidya kwa dambo."

Tsono kumeneko ndi dziko liti? "Aaa, iwe, kumeneko n'kumunda."

Akupitiriza: amene wamwalira, amene wathawa ukwati, mvula, ng'ombe ya aneba. Amva kale za ulendo wanga, akufuna ambulera. Pomwe ndikudula foni, fomu yatopa kudikira, yafufuta zonse. Kuyambiranso pa dzina! Nthawi ya pakompyuta yokha ndiyo sikufufutika.

Atate tawalembera Zambia. Akadakhala moyo sakadakana, anali munthu wosakonda mikangano.

Kumapeto kwatuluka mitengo itatu: yawamba, yachangu, yachangu kwambiri. Dzulo inali umodzi. A Zulu: "Wawamba uja, amai, ndi wa anthu osapita kulikonse." Ndikusankha wapakati, kuopa kuoneka wosauka, kuopanso kuoneka wopenga. Pansi pake pamera kamzere kena, akuti ndalama ya ntchito yothandiza. Akundithandiza ndani, poti akulemba ndi a Zulu ndipo a Zuluwo ndikuwalipira padera? Mayunifomu khumi aja abereka, aposa makumi awiri.

Nsapato zatsopano zagwa. Ndipita ndi za ku tchalitchi.

Ndikumasula mfundo ya chitenje kuti ndilipire. A Zulu akuseka mwaulemu, chala chili pakamwa. Ndalama ya m'manja sikulowa m'kompyuta. Nanga ya pafoni? Ayinso. Khadi la ku banki lokha. Khadi ndili nalo, lija ndimatapira ndalama pakhoma. Tikuliyesa. Lakanidwa. Akuti liyenera kukatsegulidwa kaye kuti lizigula za pa intaneti, ndipo banki yatseka.

Madzulo ndikudula diresi la paulendo. Nsalu yabuluu ya maluwa agolide, imene ndakhala ndikuibisira makasitomala chaka chonse. Matumba awiri akuya, limodzi la pasipoti, lina la nsawa. Lumo likuyenda lokha. Ndikuimba.

Lachinayi

Ku banki. Mzere watulukira panja, alimi onse a soya abwera lero. Amene ali patsogolo panga akundiuza mbiri ya msana wawo kuyambira pamene unayambira.

Mai wa pakauntala ndi wachifundo. Akutsegula khadi, akulandira ndalama ya chilimba, ndipo akundichenjeza zinthu ziwiri. Choyamba, polipira m'madola banki nayo imadulapo yake. Chachiwiri, dola lero yadzuka moipa. Ndikufunsa ngati tingaidikire igone. Akuti imeneyo sigona.

Kwa a Zulu. Tikulemba manambala a khadi. Kompyuta ikuti yatumiza kanambala kachinsinsi pafoni, tikalembe msanga nthawi isanathe. Foni yanga ili zii. Tikuigwedeza, tikuikweza kumwamba. Zii.

Ndakumbukira! Potsegula akaunti ija ndinalibe foni, ndinalembetsa nambala ya a Daka. Ndipo a Daka lero ali ku Sinda, akugulitsa ana a nkhumba.

Ndikuimba. Kumbuyo kwawo nkhumba zikulira ngati zikudziwa.

"Uthenga wabwera, inde. Dikirani ndipeze magalasi."

Magalasi ali m'jekete. Jekete ili panjinga. Njinga ili kutsidya kwa msewu. Nthawi yatha.

Kachiwiri: "Faifi... ayi, kodi si sikisi iyi? Amake Yosefe, amalemba ting'onoting'ono bwanji anthu amenewa?" Nthawi yatha.

Kachitatu apatsa foni wogula nkhumba kuti awerenge. Bambo ameneyo wawerenga bwino kwambiri, ndipo pomaliza wandipempha ndiwauze a Daka atsitse mtengo.

Yatheka! Kompyuta yalemba zobiriwira! A Zulu aimirira n'kundigwira chanza ndi manja awiri.

Zimene zadya chilimba changa:
- viza
- changu cha viza
- othandiza osaoneka aja
- banki
- kusandutsa kwacha kukhala dola
- a Zulu
- mayunitsi oimbira ku Sinda
- kusindikiza risiti yosonyeza kuti zonsezi zadyadi

Chatsala ndi cha sopo ndi mchere. Koma mtima uli mbee! Ndawagulira a Zulu maheu ndi vitumbuwa, tadyera limodzi pakhomo pa shopu yawo tikuonerera maminibasi a ku Chipata akulimbirana anthu.

A Daka afika ndi mwana wa nkhumba mmodzi wosagulidwa. Akuti ndawasokonezera malonda. Akufunsanso ngati ndege imaima panjira kuti anthu atsike pang'ono.

Lachisanu

Ndikupita ku sitolo kwa Amai Hawa ndi risiti yanga m'pulasitiki, kuyenda kwake kwa munthu wolipira m'madola.

Amai Hawa akululutira. Amuna awo, a Yusufu, akuvala magalasi n'kutenga pepalalo. Akuwerenga, akulitembenuza, akuwerenganso.

"Mwalipira kwa ndani, amai?"

Ku boma la kwanu, ndikutero.

"Ili si tsamba la boma."

Akufotokoza pang'onopang'ono, ngati dokotala. Pali anthu ena amakonza tsamba lawo pa intaneti, n'kulipaka mitundu ya mbendera kuti lizioneka la boma. Amatenga fomu yako, kukaipereka kumene ukadaipereka wekha, n'kuikapo yawo pamwamba. Mtengo weniweni ndi wochepa kwambiri kuposa umene ndalipira. Za changu zija, kwenikweniko kulibe.

Ndiye kuti ndaberedwa? A Yusufu akuti osati kuberedwa kwenikweni. Ali ngati aja a pasiteshoni amene amakulanda chikwama, kukukweza minibasi imene unali kukwera kale, n'kukutambasulira dzanja.

Amai Hawa: "Nanga bwanji osabwera kwa ife? Ifetu tapanga za banja lonse pafoni iyi!" Ndimafuna kufika ndi viza m'manja, ngati munthu wamkulu wodziyendera.

Ndikudutsira kwa a Zulu. Akumvetsera, akumasula tayi. "Koma amai, tsambalo ndi limene linali pamwamba penipeni pamene timafufuza." Akuoneka omvetsa chisoni moti ndikuyamba kuwapepesa ndine. Akuti fotokope ndizichita ulere mpaka Khirisimasi. Ndilibe chochititsa fotokope, koma ndathokoza.

Chachikulu n'chakuti viza ibwerabe, a Yusufu atero. Yodula, koma ibwera. Mvula ikakunyowetsa sukwiyira mtambo, umangoyanika chitenje.

Amai Hawa andisunga masana onse. Tiyi wa zonunkhira, masamusa otentha, ndi phunziro la moni wa kwawo. Ndikautchula akuseka mpaka kugwira kauntala. Akundionetsa chithunzi cha mkwati pafoni. Wowonda, koma maso ake ndi aulemu. Zubeda adzamunenepetsa.

Diresi latha, lakhala ngati ndabadwa nalo. Sutikesi ya Amai Phiri yafika, ya mawilo atatu, ikuyenda chokhota ngati nkhanu. Foni ikalira ndikudumpha. Koyamba: otsatsa za mpira. Kachiwiri: kwaya mawa. Kachitatu: alamu anga, za mtundu wa njinga yamoto, akuti yofiira.

Ndapeza nsapato zanga za ku tchalitchi zitapakidwa polishi, zili pakhomo. A Daka akuti sakudziwa amene wachita.

Loweruka

Uthenga wafika! Wautali, wa Chizungu chokhachokha. Ndikusiya siketi ya munthu pansi pa singano, ndikuthamangira kwa a Zulu.

Akuwerenga. Akuyambiranso. Sakuimirira.

Akuti pasipoti iyenera kukhala itatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuchokera tsiku lofika kumeneko. Yanga yatsala ndi inayi.

Koma ili moyo! ndikutero.

"Ili moyo, amai. Kungoti yakalamba."

Pasipoti imeneyi sabata ino yagwiridwa ndi ine, a Zulu, a Daka, ngakhale Amai Phiri. Tonse tinayang'ana chithunzi n'kuseka mmene ndinalili wowonda. Palibe anayang'ana deti.

Nanga ndalama? A Zulu akutsitsa tsamba mpaka pansi penipeni, pali tizilembo tonga nyerere. Sibwezedwa. Akuti tinavomera Lachinayi, pamene tinadina kabokosi. Ndikukumbukira kabokosiko. Ndinadina ndekha, a Zulu atandipatsa ulemu wogwira kambewa ka kompyuta.

A Yusufu akuwerengera nane: pasipoti yatsopano, maulendo ake, kudikira kwake, kenaka viza kulipiranso. Masiku otsalawa sakwana. Chilimba nacho chidzandipeza chaka chamawa.

Ndikuimbira Yosefe. "Aaa, pepani amai, pepani kwambiri!" Koma mawu ake apepuka ngati a munthu amene watula thumba la chimanga. Ndikumufunsa bwinobwino. Akuulula kuti mtengo wa tikiti anaufunsa Lachinayi, ndipo kuyambira pamenepo chakudya sichikumulowa. Mwana wanga! Ndamuuza akadye.

Chovuta ndi Amai Hawa. Ndikuwauza tili kuseri kwa mipukutu ya nsalu, ndipo akuyamba kulira iwo, ine n'kutsatira. Si za ndalama. Ndimafuna kumuona mwana uja atavala za ukwati, ndione ndi maso anga ngati amusokera bwino m'mapewa, poti phewa lake lamanzere ndi lotsika pang'ono ndipo matelala osamudziwa saona.

Ndikunena zimenezi, Amai Hawa akupukuta misozi, akukwera pampando, akutsitsa nsalu ya pamwamba penipeni, yobiriwira, yofewa ngati madzi. Akuti Zubeda alibe diresi la tsiku lotsatira ukwati, lokalonjerera apongozi. "Miyezo yake mukuidziwa kuposa ine mai wake. Musoke inu."

Ndikuti sindilandira ndalama. Akuti ndiye sapereka nsalu. Takangana mpaka kasitomala wa mabatani watopa n'kutuluka.

Kunyumba a Daka amva nkhani. Alowa m'khitchini. Atuluka ndi tiyi, wophika okha, shuga wochuluka ngati wa mwana. Akhala pambali panga. "Madzi a m'nyanja aja ndi aakulu kwambiri," atero. Ndipo anena m'Chichewa, kuti ndimve bwino.

Lamulungu

Diresi la paulendo ndavala. Likapanda kupita ku Indiya, ku tchalitchi lokha lifike. M'thumba la pasipoti ndaikamo chopereka.

Ndikukhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kuti ndizembe pa nyimbo yomaliza. Za dzulo sindinauze Amai Phiri, ndiye palibe akudziwa. Apa ndiye ndalakwitsa.

Zolengeza zatha. Abusa akuvula magalasi, akumwetulira. "Mmodzi wa ife akuwoloka nyanja." Akunditchula dzina. Nthungululu! Amai a chigwirizano akundikoka dzanja, kwaya yayamba kale nyimbo yotsazika, akuvina n'kundizungulira. Ndikutsegula pakamwa, ng'oma ikundiposa.

Ndagwada kutsogolo. Abusa akupemphera ndi mtima wonse. Akupempherera ndege, mapiko ake onse awiri. Woyendetsa, kuti asaodzere. Mitambo. Mafunde a pansi. Mimba yanga, kuti ilandire tsabola mwamtendere. Katundu wanga, kuti asasochere, makamaka wa pobwerera. Apa akazi awo ayankha Amen wamkulu.

Ndikutsegula diso limodzi. A Daka aweramira pansi, mapewa akugwedezeka.

Atati Amen ndikuwakodola abusa, ndikunong'oneza. Akumvetsera. Akuyang'ana kudenga kanthawi. Kenaka akutembenukira kwa anthu:

"Abale, ulendo wa amai wasunthidwa. Pasipoti yakalamba. Koma mapemphero satha ntchito ngati pasipoti. Amenewa tawasungira."

Tchalitchi chonse chagwa ndi phwete, inenso pamodzi, ndidakali chigwadire.

Panja akubwera mmodzimmodzi kudzandigwira chanza ngati pamaliro. Akazi a abusa akuti maondo azolowera kale. Amai Phiri akwiya pang'ono, osati chifukwa cha nsalu, koma kuti nkhani yotere aimvera pamodzi ndi anthu wamba. Alamu akufunsa ngati Amai Hawa sangathe kunyamula njinga yamoto.

Masana tili pakhonde ndi a Daka. Mphepo yabwino, nsawa zokazinga, wailesi ikuimba chapansipansi. Ndalama yapita, ku Indiya sindipita, basi. Nsalu yobiriwira ndaiyala patebulo, ndikungoiyang'ana, lero sitigwira lumo. Phewa lamanzere ndidzalikweza pang'ono, palibe adzazindikire.

Mabatani oyenera nsalu imeneyi muno m'Katete mulibe. Mawa ndikwera minibasi yoyamba ya ku Chipata. Ndi mapemphero onse aja, dalaivala athamange mmene angafunire.